Pa shedi pathu wakhungu ndani?

Panali munthu wina wowotcherera zitsulo, anzake ankamutcha Chiphaliwali. Mageti ake anali okongola, koma pa makani analibe mnzake. Magalasi oteteza maso sankafuna n'kuwamva komwe, ati amamuchedwetsa.

Mkazi wake, ali woyembekezera mwana woyamba, anamugulira magalasiwo.

"Abambo, muzivala chonde. Mwanayu mudzamuone ndi maso anu."

"Mayi, pa shedi pathu tilipo ambiri, wakhungu ndani? Amisiri amene anandiphunzitsa sanavalepo, mpaka anakapuma ali bwinobwino. Mantha ndi a ophunzira."

Kwa mkaziyo zinkamveka ngati zoona. Magalasi aja anathera pa msomali, akuchita fumbi.

Tsiku lina akudula chitsulo, chimbale cha makina odulira chinasweka. Tizidutswa tinamulowa m'maso onse awiri, ndipo madokotala analephera kuwapulumutsa.

Patapita milungu, mkazi wake anamugwira dzanja kupita naye kuchipatala kukaonetsa mabala. Ali pa benchi, anamva nkhalamba pambali pake ikupempha kuti wina aipatsire ndodo. Mawuwo anawazindikira.

"Amisiri! Ndinu? Si paja munakapuma?"

"Kupuma kwanji, mwanawe? Maso anayamba chifunga, ndinangochoka mwakachetechete chifukwa cha manyazi. Mnzathu wa ku shedi, Wamtali uja, amabweranso kuno, diso latsala limodzi."

"Nanga bwanji sitinamve?"

"Ukanamva kwa ndani? Wakhungu sabwera ku shedi. Iwe unkaona otsala okha."

Chiphaliwali analira ngati mwana, anthu akuona. Mkazi wake sananene kuti ndinakuuzani. Anangomupukuta misozi.

Mwana anabadwa wamkazi. Zomvetsa chisoni, abale. Atamuika m'manja mwa bambo ake, iye anayendetsa zala zake zokhakhala pa kankhope kaja pang'onopang'ono, n'kufunsa chapansipansi:

"Mayi ake, wafanana ndi ndani?"

Phunziro: Usamati "onse amene ndikuwaona ali bwino" n'kumadzilimbitsa mtima. Amene zinawavuta sakhala pomwe ukuyang'anapo, ali kunyumba, kuchipatala, ena kumanda. Usanakane malangizo, yamba wafunsa kuti amene anachoka aja ali kuti. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Mutumizireni m'bale wanu wamakani uja nkhaniyi, aiwerenge maso akadalipo.