Kanyula ya ba Kabaso

"Siuona dzanja?" ba Kabaso anakalipira mkazi wawo, Justina, atawapatsa chigubu kuti akatunge madzi. Anakweza mkono kuonetsa kanyula, kapaipi kamene anesi anawasiya nako pamtsempha kuti azibayirapo mankhwala a chibayo masiku asanu.

Kukiliniki anapitako masiku awiri okha. Chifuwa chitangopepuka, jekeseni anaisiya, koma kapaipiko anakasunga, pakuti m'komboni yonse ya George kankawagwirira ntchito kuposa digiri. M'minibasi ankawapatsa mpando wakutsogolo. Pamaliro a neba, anzawo akukumba manda, iwo anakhala pamthunzi n'kumalangiza. Ngakhale kutchalitchi, dzanja lokweza poimba linali lomwelo.

Tsiku lakhumi dzanjalo linatupa ngati buledi, chifuwa n'kubwerera pamodzi ndi abale ake. Justina anawakokera kukiliniki.

Nesi anamasula bandeji yakuda bii yomwe inamanga kanyulayo. "Ba Kabaso, aka kanthu tinakupatsani kuti kankhale wochi?"

"Ninatangwanika, sista."

"Taona. Kudwala ni nchito yaikulu." Anazula kanyulayo n'kuiponya m'bini. "Ina sitikupatsani, mungaende nayo na ku ukwati. Manje tiyambiranso. Nyeleti seveni za jekeseni, zonse kumatako. Tsitsani buluku."

Ba Kabaso anagwira lamba, maso ali m'bini muja, nkhope ngati ya munthu wochotsedwa ntchito.

"Manje banthu bazaziba bwanji kuti nidwala?"

Justina sanakweze n'komwe mawu poyankha bambo a mwana wake Nkandu.

"Muzibaonetsa mu minibasi, bashi Nkandu. Mpando bazakupatsani. Kaya ngati muzankhalapo."