Mizere Khumi ya Malemu Nkhwangwa

Panali munthu wina wowotcherera zitsulo, amene anthu ankangomutchula kuti bambo a mapasa. Sankamwa, sankasuta, koma anali ndi matenda amodzi: gemu yakalekale ya pa TV, yomenyana ndi malupanga, mikondo ndi nkhwangwa. Ena ankaiseka kuti anthu ake amaoneka ngati zidole zosema, koma ukangoinyoza pamaso pake, ankazimitsa makina owotcherera n'kukukhazika pansi.

"Magemu a masiku anowa n'kungodinadina mabatani," ankatero. "Iyi imafuna mutu. Wa mkondo umamulowa pafupi, wa mpeni umamutalikira, ndipo ukatchinga pa nthawi yake, kulira kwa lupangalo kumakufika mumtima."

Gemuyi anaiphunzira kwa malemu achimwene ake, amene ankadziwika kuti Nkhwangwa chifukwa nthawi zonse ankasankha chimphona chonyamula nkhwangwa. M'gemumo muli gawo lomenyana ndi adani motsatizana mpaka utagwa, ndipo kakadi kosungira zinthu kamalemba mayina khumi okha a amene anafika patali. Wina akaposa, dzina la pansi limafufutika. Mizere khumi yonseyo inali ya Nkhwangwa, uliwonse ndi tsiku lake. Womaliza anaulemba kutatsala milungu iwiri kuti agonekedwe m'chipatala.

Kwa zaka khumi ndi zinayi bambo a mapasa sanasewereko gawo limenelo, kuopa kufufuta mbale wake. Ankangotsegula mndandandawo, kuwerenga dzinalo, n'kutseka.

Ndiye kunabwera mlendo. Anadziwana pa gulu la pa foni la okonda gemuyi, ndipo ankadzitchula kuti Mphenzi. Loweruka lina masana anatulukira pakhomo, anasewera, ndipo anatchinga nkhwangwa katatu kotsatizana. Bambo a mapasa anaimirira n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

"Akulu," anatero Mphenzi, "mawa tili ndi msonkhano wa okonda gemuyi. Makina enieni ndi kadi yake palibe amene ali nazo. Tibwerekeni, anthu akaone zimene malemu ankachita."

Mayi a mapasa anaitanira amuna awo kukhitchini.

"Munthuyu mwamuona lero. Kwawo mukukudziwa?"

"Mayi, munthu wotchinga chonchi sangakhale woipa. Ameneyu ndi wathu."

"Kutchinga ndiye khalidwe? Pitani naye limodzi."

"Ndili ndi geti la eni ake loti ndimalize."

Anakulunga makinawo m'thaulo, n'kupereka. Pakhomo anachenjeza kuti, "Gawo la motsatizana lija lokha musaligwire."

"Ine? Ndingayambe bwanji, akulu? Malemu ndimawalemekeza."

Lolemba Mphenzi anabweza zonse, atapukuta ndi fumbi lomwe. Sipanasowe ngakhale kawaya. Bambo a mapasa anayang'ana akazi awo monyada. "Mwaona? Mumati ndi wakuba." Mlendo atapita, analumikiza makina n'kutsegula mndandanda.

Mzere woyamba, MPHENZI. Wachiwiri, MPHENZI. Mpaka wakhumi. Nkhwangwa munalibe.

Anamuimbira foni Mphenzi.

"Aa, akulu, musakwiye," anayankha uku akuseka. "Anthu amafuna kuona ngati pali amene angapose malemu, ndiye ndimajambula vidiyo. Aonera kale anthu zikwi zitatu! Komanso tinene zoona, malemu sankadziwa kwenikweni, ankangodalira chimphona chimodzi. Ndi gemu chabe iyi."

Gemu chabe! Abale, izi zimandipsetsa mtima. Akanafuna kudzionetsa, mzere umodzi ukanakwana. Koma khumi? Ndiye kuti anakhala pampando tsiku lonse, kumakankhira pansi munthu wakufa mzere ndi mzere, anzake akuwomba m'manja. Bola wakuba, amatenga chinthu n'kukachisunga kwinakwake. Uyu anapukuta fumbi kunja atasesa zam'kati.

Bambo a mapasa anazungulira kwa okonza mafoni ndi makompyuta. Onse anapukusa mutu: chimene chalembedwa pamwamba pa chinzake sichibwerera. Chithunzi cha mndandandawo analibe, poti ndani amajambula chinthu chimene chili m'nyumba mwake? Atadandaula pagulu lija, ena anamuseka kuti munthu wamkulu akulirira zidole. Mphenzi anamutsekera foni.

Kenako bambo a mapasa anachita chimene sanachitepo. Anasankha chimphona cha nkhwangwa n'kulowa m'gawo lija. Akaweruka ku ntchito, zala zili matuza, ankamenya mpaka kugwa, n'kuyambiranso. Milungu itatu inatha. Lachinayi lina madzulo anaposa Mphenzi ndi adani awiri, ndipo gemu inamufunsa dzina, ikuwerenga nthawi.

Mayi a mapasa anali ataima kumbuyo kwake ndi mbale yonyowa m'manja.

"Lembani dzina la alamu, msanga."

Anaika chala pabatani, n'kuchichotsanso.

"Amene wamenya si iwo, mayi. Ndikalemba ndiye kuti ndawanamizira."

"Ndiye lembani lanu."

"Langa pamalo pawo?"

Nthawi inatha asanalembe kanthu. Mpaka lero pamwamba pa mndandandawo pali mzere wopanda dzina, ndipo pansi pake pali Mphenzi kasanu ndi kanayi.

Phunziro: Kukonda chinthu chimodzi ndi munthu sikutanthauza kuti mumachikonda pa chifukwa chimodzi. Luso la munthu si khalidwe lake, ndipo si aliyense wokubwezerani katundu amene wakubwezerani zonse. Chimene anakusiyirani malemu musabwereketse kwa munthu wodziwana naye pa foni, ndipo akazi anu akakuitanirani kukhitchini, mverani. Tumizirani anzanu nkhaniyi, makamaka aja amene ali ndi makina akale m'kabati.