Ulemu wa Manja Awiri

"Jini pang'ono pokha, mandimu ambiri," anatero Tionge, akudziponya pampando m'bala ya kaloji kena ku Ngala.

Manja ake ankanunkhabe mankhwala. Kuyambira m'mawa namwinoyu anali akusoka mtsikana amene anakhapidwa ndi chikwanje m'munda wa nzimbe. Mtsikanayo anatsirizikira m'manja mwake, atangonong'ona kuti, "Sindikumudziwa, koma ndamuluma chala chachikulu chakumanzere mpaka pafupa."

Maziko, wogulitsa mowa, anatenga mpeni n'kudula ndimu ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba.

"Mwatopatu, anesi. Kuchipatala kwavuta?"

"Kwavuta, achimwene. Ndikungofuna kuiwala."

Koma Maziko analeredwa bwino, ndipo kwawo wamkulu sapatsidwa chinthu ndi dzanja limodzi. Popereka tambula, dzanja lamanzere linatuluka lokha n'kugwiriziza mkono wamanja. Chala chachikulu chinali chokulungidwa ndi kansanza konyowa magazi, mabala a mano akuonekera m'mphepete.

Tionge analephera kuchotsapo maso, ndipo Maziko anaona. M'balamo munalibe wina. Khomo linali patali kuposa mpeni.

"Imwani, anesi," anatero Maziko mwaulemu, akupukuta mpeniwo. "Paja mwati mukufuna kuiwala."