Dzino Lokana Kupola

Dokotala Nermin anakwezanso chithunzi cha ekisirei n'kuchiyang'anitsitsa pa kuwala kwa pawindo. Panalibe chachilendo. Mizu ya dzino inali yoyera, yomatidwa bwino mpaka kunsonga, ndipo mafinya onse anali atauma kalekale. Komabe mwini dzino anali atabweranso, dzanja lili patsaya.

"Likupwetekabe, amake Ramzi?"

Sabrin anavomera ndi mutu, n'kukwera pampando wa odwala asanauzidwe n'komwe. Anali mayi wachitsikana, koma m'munsi mwa maso ake munali mutada ngati wapakamo makala.

Nermin anapumira m'mwamba. Dzuwa la masana la ku Sohag linali litalowa m'makoma, fani ikungotakasa mpweya wotentha womwewo. Chiimire kuyambira m'mawa, msana unali utauma gwa. Ndiye kubwerenso dzino ili.

Tsiku loyamba Sabrin anafika tsaya litatupa ngati wabisamo dzira. Linali dzino la m'kati, lotafunira, lobooka mpaka pansi. Nermin sanafune kulizula. Analiboola bwinobwino, n'kuchotsa mtsempha wowola, n'kutsuka mizu ndi tizingano, kenako n'kumata. Ntchito yotere sichedwa, munthu amabwera kawiri kapena katatu n'kuiwalako. Koma Lachiwiri likangokwana, Sabrin uyo pakhomo. Nermin anamatula, kutsukanso, kumatanso. Anasintha mankhwala, koma ayi ndithu. Mpaka anaimbira mnzake wa ku Cairo amene anaphunzira naye, ndipo mnzakeyo anati mwina dzinolo lili ndi mng'alu wosaoneka pachithunzi. Dzino la mng'alu mankhwala ake ndi amodzi, kuzula.

Chitseko chinatseguka popanda kugogoda. Analowa a Hajja Fathiya, apongozi ake a Sabrin, khanda lolira lili paphewa, tiatsikana tiwiri tikukoka chovala chawo chakuda. Ndiwo ankamuperekeza nthawi zonse n'kumamudikira panja ndi ana. Mwamuna wa Sabrin anali kuntchito ku Kuwait, ndipo kunyumba kwa a Hajja mkazi wokwatiwa satuluka pageti pokhapokha kukhale maliro kapena chipatala. Ngakhale kwa mayi ake omubereka ankapitako pa chikondwerero cha Idi basi.

"Adokotala, dzino limodzi lomweli mukumangapo nyumba yosanja kodi?" anatero a Hajja akusuntha khanda kupita paphewa lina. "Ife kale wometa tsitsi ankazula ndi pulayala, madzulo ake tili kukama ng'ombe. Lizuleni lero lomwe."

"Akadali wamng'ono, Hajja. Dzino likazulidwa silimeranso."

"Ali nawo ambiri m'kamwamo, awasungira ndani? Kunyumba ufa wa buledi ukumudikira, zochapa zili mbwee, amuna anga odwala aja sadya akapanda kuwadyetsa iyeyu. Ine mawondo anatha, mwana wanga, sindingamalere ana Lachiwiri lililonse ngati ndine ndinawabereka. Mpongozi wangayu usiku sagona, masana akungodzandira ngati nkhuku yachitopa. Dzulo wapsereza nyemba, mphika wonse. Zulani, tipume tonse."

Nermin anayang'ana wodwala wake. Sabrin anali duu, maso ali chitsekere, monga ankachitira nthawi zonse akakhala pampandowo. Odwala ena amabuula, ena amatchula Mulungu, ena amagwira mkono wa dokotala makina akayamba kulira. Uyu ayi. Ankangoyasama n'kukhala zii mpaka ntchito kutha. Kupirira kumeneku kunkamumvetsa Nermin chisoni, komanso manyazi. Munthu n'kukukhulupirira chonchi, iwe n'kumulephera.

Anaganiza za masabata onse amene analimbana ndi dzinoli kuti likhale m'kamwa mwa mwini wake. Anaganizanso zimene a Hajja akafalitse kwa amayi anzawo, zoti dokotala wamkazi wa pamwamba pa sitolo ya mankhwala uja amangoseweretsa anthu. Panja panali odwala ena akudikira. Mphamvu zokangana analibe.

"Chabwino, Hajja. Tulukani ndi anawa, asaone magazi."

A Hajja anatuluka akuyamika Mulungu mokweza, tiatsikana tija tikukangana pambuyo pawo. Chitseko chitatsekeka, kulira kwa khanda kunamveka patali. M'chipindamo munangotsala phokoso la fani.

Nermin anasamba m'manja pang'onopang'ono, ngati madziwo angasinthe chinachake. Anavala magolovesi, n'kukonza jekeseni wa dzanzi. Anatsegula kabati n'kutulutsa chozulira chimene anakhala akuchizemba nthawi yonseyi. Pochiika pathireyi, chitsulo chinalira ngwee!

Sabrin anadzidzimuka. Anaphethira, n'kuona chozuliracho, n'kudzuka theka.

"Mukufuna mutani, adokotala?"

"Tilizule. Ndayesetsa, mchemwali wanga, koma landikanika. Pepani. Simunamve zimene timakambirana ndi apongozi anu?"

"Sindinamve chilichonse."

Nermin anadabwa. A Hajja akamalankhula, amamva ndi a kutsidya kwa msewu omwe. Koma sanafunse, anangotenga jekeseni n'kuweramira wodwalayo. Apo Sabrin anamugwira mkono, koyamba chiyambire kubwera kuno. Chikhatho chake chinali chokhakhala ngati khungwa la mtengo.

"Lisiyeni, ndapota nanu. Dzinoli linapola sabata yoyamba yomwe ija."

"Nanga mumabwereranji?"

Sabrin anayang'ana kuchitseko, n'kutsitsa mawu.

"Pampando panu pokha ndi pamene ndimagona tulo popanda wondiitana. Kawauzeni kuti kwatsala muzu wina."