Ambulera ya Ndaziona

Masiku ano aliyense womwa mankhwala amphamvu a ziphuphu amabwerekedwa ambulera youluka kuchipatala, poti mankhwalawo amapsetsa khungu padzuwa. Ya Ndaziona inkamutsata paliponse, ndipo pakamwa sinkatseka.

"Dzola mafuta, milomo yang'ambika," inkatero m'mawa uliwonse. Mnyamata akangomuimitsa panjira, inkatsika pakati pawo n'kulengeza mpaka a kuchigayo kumva: "Mankhwala awa sayenderana ndi mimba. Mwana akhoza kubadwa wolumala." Anyamata anasiya ngakhale kumupatsa moni, ndipo Ndaziona ankalakalaka ataigenda.

Koma bambo ake, a Kambalame, anaikonda koopsa. Dzuwa likuswa mtengo, ankalima mzere woyandikana ndi wake, dazi lili mumthunzi. Mwana akati apume, iwonso ankapuma. Akapita kumjigo, bambo omwe sanagwirepo ndowa ankamuperekeza.

Ndiye nkhope ya Ndaziona inasalala. Anamwino anati mapilitsi otsala akatha, ambulera ibwerere.

Tsiku limenelo Ndaziona anapeza bambo ake atakhala pakhonde, nkhope yonse atamata mapira ndi phala.

"Mwanangu, nanenso ziphuphu zandituluka," anatero modandaula. "Undigawireko pilitsi limodzi, ambulerayi ikhalebe pakhomo pano."

Ambulera inatsika pang'onopang'ono n'kuwayang'anitsitsa.

"Mankhwala awa sagawana. Amalemba ndi adokotala, atamuyeza munthu magazi." Kenaka inawonjezera mwaulemu: "Komanso bambo, dzukanipo apo. Nkhuku ikukudyerani ziphuphu."