Bala la Apongozi

Paja masiku ano ukachitidwa opaleshoni sugona m'chipatala. Amakubweza tsiku lomwelo ndi kabokosi ka mankhwala, namwino n'kumalankhulira momwemo. Koma kabokosiko kamangomvera munthu mmodzi, amene anadinda chala.

Ndiye tamvani za kwa a Nachisale. Tsiku limene anawang'amba pamimba, mwana wawo Esinati anali kumaliro, choncho anadinda chala ndi mkamwini wawo, a Sankhani. Munthu woti akakumana ndi apongozi panjira amapatukira kutchire!

Bala linayamba kununkha. Esinati akati agwire bandeji, kabokosi kankangoti, "Manja awa sindikuwadziwa," n'kudzitseka.

"Bola ndingofa," anatero a Nachisale atatembenukira kukhoma. "Mkamwini aone mimba yanga?"

A Sankhani anali atatopa nazo. Kutunga madzi iwo, kuwiritsa iwo, kenako kukakhala panja ngati mlendo, kumamva kubuula. Anayang'ana chitenje chatsopano cha Esinati pachingwe, n'kutenga lumo.

"Iii, bambo, chakutchalitchi chimenecho!" anatero Esinati.

A Sankhani anaboola kabowo kongokwana bala, Esinati n'kuwafunditsa mayi ake thupi lonse mpaka kumutu. A Sankhani anagwada, namwino akulangiza kudzera m'kabokosi: tsukani kuyambira pakati, thonje lililonse lipukute kamodzi basi. Mafinya anatuluka, bandeji yatsopano n'kumatidwa.

Kenako mawu anamveka m'chitenjemo.

"Esinati, ukawauze anthu ali panjawo kuti dzanja lawo n'lopepuka. Mawa abwerenso."

"Uwauze kuti uthenga wafika," anatero a Sankhani ali chigwadire pomwepo, akuvula magolovesi.