Foni Yochokera Kubwalo la Zisudzo

Foni italira m'nyumba yawo ku Dennistoun, a Alasdair Kinnaird anawongola msana. Anachita zisudzo ndi mafilimu zaka makumi anayi, koma kwa zaka zisanu tsopano panalibe wowaitana.

Akazi awo, a Ndapile, anakweza mawu a foniyo kuti amvere limodzi.

"Mayi Kinnaird? Ndikuimba kuchokera kubwalo la zisudzo," anatero mtsikana wina. "Tikukonza mwambo wokumbukira malemu amuna anu. Mungatibwerekeko zithunzi?"

A Ndapile anati amukalipire, koma a Alasdair anawagwira mkono.

"Mufunseni kuti kubwera anthu angati," ananong'ona.

A Ndapile anafunsa.

"Musadandaule, mayi," anayankha mtsikanayo mwansangala. "Tatenga kachipinda kakang'ono. Ambiri sakuwakumbukira."